Alamu, kalata ya ku banki ija ilembedwe asananyamuke

Halo alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu uja, wofunsa za ngongole ndi lendi poti amuna anu aitanidwa ku usilikali, ndaumvera kawiri. Ndati ndisalembe, ndingolankhula, nkhaniyi ndi yaitali. Pepani phokosolo, ndili m'galimoto panja pa ntchito.

Choyamba mtima m'malo. Mlongo wangayo apita, abwerako, ife tikupemphera. Koma za ndalamazi, eee, zimenezi ndiye tikambirane lero lomwe, asanakwere ndege. Chifukwa munthu wa Reserve, asilikali aja amakhala kunyumba kudikira kuitanidwa, akaitanidwa amasiya ntchito yake ya masiku onse, malipiro aja amasintha, koma ngongole sizisintha zokha ayi. Kuno ku America kuli lamulo, amalitchula kuti SCRA, Servicemembers Civil Relief Act, la mu 2003. Linalowa m'malo mwa lakale la mu 1940. Limenelo ndi lanu. Ndipo kwa a Reserve limayamba kugwira ntchito tsiku lomwe alandira ma orders, pepala lomuitana ku usilikali, osati tsiku lonyamuka. Mwamva? Tsiku lolandira pepala lija.

Ndiye tengani ma orders aja, muchite fotokope khumi. Khumi, osati awiri. Aliyense amene muli naye ngongole adzafuna lake.

Tsopano chiwongoladzanja. Lamulo likuti ngongole iliyonse imene anatenga asanaitanidwe, kaya khadi ya ngongole, kaya galimoto, kaya nyumba, chiwongoladzanja chisapose 6 peresenti nthawi yonse imene ali kumeneko. Tinene kuti khadi ili ndi madola 5,000 pa 24 peresenti, pachaka ndi 1,200 yongopita. Pa 6 peresenti ndi 300 basi. Ndipo yotsalayo sakusungirani kuti mudzalipire akabwera ayi, imafufutidwa. Ya nyumba yokha imapitirira chaka china chathunthu akabwerako. Koma... iyayi dikirani, ndisadumphe, pano ndi pomwe ine ndinagwa.

Bambo a kwathu kuno atapita ku Iraq, ine ndinangoimba foni ku banki. Ndinalankhula ndi mnyamata wina waulemu kwambiri, akuti zikomo chifukwa cha ntchito ya amuna anu, tikonza. Ine mtima pansi. Mwezi woyamba pepala labwera, chiwongoladzanja chomwe chija. Ndati mwina achedwa. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinakhala patebulo la kukhitchini usiku, ana atagona, mapepala atatu ndawayala, ndikuloza ndi chala mzere womwewo, nambala yosasintha. Kuimbanso, akuti mayi, mu kompyuta mulibe chilichonse, munatumiza kalata? Alamu, foni si umboni. Lamulo limafuna kalata yolembedwa, pamodzi ndi kope ya ma orders. Kalata. Ndibwerezenso, kalata, osati foni, osati kungouza munthu pa kauntala.

Ndipo si yovuta. Dzina lake, nambala ya akaunti, tsiku limene analandira ma orders, kenako mawu oti ndikupempha kuti chiwongoladzanja chitsitsidwe kufika pa 6 peresenti malinga ndi SCRA. Asaine yekha. Mukaitumize ku positi pa certified mail, ija amakupatsa kalisiti kobiriwira, kuti adzasainire kuti alandira. Kalisitiko kasungeni mu envelopu imodzi ndi kope ya kalatayo. Banki iliyonse envelopu yake, mulembe dzina pamwamba.

Ndiye vuto langa silinathere pomwepo. Nditati chabwino ndilemba ineyo, akuti ngongole ya galimotoyi ili m'dzina la amuna anu okha, sitingakambe nanu. Ine mkazi wake, ana atatu, galimoto ndikuyendetsa ndine, koma sangandiuze ngakhale ndalama yotsala. Chifukwa chani? Tinalibe power of attorney. Ndi pepala loti iye akukupatsani mphamvu yomuimira pa za ndalama. Amalemba ulere ku ofesi ya maloya a asilikali, a JAG aja, nthawi yomwe akukonzekera ulendo. Ife tinati tidzachita, tidzachita, mpaka tsiku linakwana. Anakachitira komweko, kudikira kuti apeze loya ku kampu, pepala kuyenda milungu. Milungu imeneyo ine sindinkagona. Ndiye sabata ino, alamu, mugwirane dzanja mupite. Mufunsenso ku banki yanu ngati ali ndi fomu yawoyawo, ena amafuna yawo.

Ndalama zathu zinabwera, zonse, anawerengera kuyambira tsiku la ma orders lija. Chifukwa lamulo limapereka mpata mpaka masiku 180 atamaliza ntchitoyo kuti kalata ifike. Ndiye mukaiwala ina musataye mtima. Koma nkudikiriranji?

Aa, china, ndisanaiwale. Ndati ngongole imene anatenga asanaitanidwe. Mawu amenewo agwireni. Pali mayi wina timapemphera naye, sindimutchula. Ndinamuuza ine, musakhudze ngongolezo. Iye anamvera anthu otsatsa malonda pa foni, akuti phatikizani ngongole zonse ikhale imodzi muzilipira pang'ono. Anasaina amuna ake atalandira kale ma orders. Basi, inasanduka ngongole yatsopano, 6 peresenti ija osaigwiranso. Analira mayi uja. Ndiye musaphatikize, musasinthe, ngakhale ya sukulu. Ndipo khadi imene ili m'dzina lanu lokha, inuyo, siilowa. Ya nonse awiri imalowa.

Mwina mukuganiza kuti ndiye kuti musiye kulipira. Ayi ayi ayi. Sindinatero. Mukulipirabe mwezi ndi mwezi, kungoti ndalama yake yatsika. Magetsi, madzi, inshuwalansi, zonsezo muzilipira. Chimene lamulo likuletsa ndi choti akulandeni galimoto kapena nyumba popanda chilolezo cha khoti, ngati munayamba kulipira asanaitanidwe. Ndipo kukabwera pepala la kukhoti m'dzina lake, musaliike pansi pa mapepala ena. Thamangani nalo kwa a JAG, mlandu amatha kuuimitsa masiku 90 kapena kuposa.

Za lendi munafunsa zija, zoti mukufuna mukakhale kwa achemwali anu. Zimatheka, ngati ma orders ndi a masiku 90 kapena kuposa. Komanso ndi kalata. Mawerengedwe ake ndi awa: mumalipira pa 1, eti? Mukapereka kalata pa 10 Malichi, lendi yotsatira ndi ya pa 1 Epulo, imeneyo mulipira, ndiye muwerenge masiku 30 kuchokera pamenepo, pangano latha. Osati kuchokera pa 10 paja ayi, kuchokera pa 1 Epulo. Mnyamata wina wa gulu la bambo a kwathu anangolongedza katundu nkusiya makiyi pa windo, akuti lamulo likunditeteza. Pobwera anapeza ngongole ya miyezi ingapo ikumudikira, dzina litaipa kale. Foni yakenso mukhoza kuimitsa pangano lake popanda chindapusa, muwauze kuti nambala asunge.

Msonkho musade nawo nkhawa. Akakhala kudera limene boma lalitchula kuti ndi la nkhondo, a IRS, a ofesi ya msonkho aja, amawonjezera nthawi yotumizira mapepala a msonkho ndi masiku osachepera 180 atachokako, ndipo kwa msilikali wamba ngati iye, malipiro a miyezi imeneyo sadulidwa msonkho wa boma lalikulu. Kulinso ina amati Savings Deposit Program, akakwanitsa masiku 30 kumeneko amatha kusunga mpaka madola 10,000 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti. Mumuuze afunse ku ofesi ya za malipiro akafika. Ife tinaidziwa mochedwa.

Kuntchito kwake awapatsenso kope ya ma orders, malo ake amusungire, limenelo ndi lamulo lina, USERRA. Eya, nthawi yandithera, akundiitana mkati. Usiku uno lembani papepala ngongole zonse, iliyonse ndi dzina la mwini wake, mundijambulire pa WhatsApp. Loweruka ndibwera ndi maenvelopu, tidzalembe limodzi iye ali pompo kuti asaine. Mupereke moni kwa ana.