Musanagule njinga, funsani kaye za fulemu

Zikomo amfumu, amayi ndi abambo, ndi inu anyamata akabaza mwaimika njinga pansi pa mtengowo. Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga, ndiye ndilankhula zimene ndimagwira ndi manja tsiku ndi tsiku.

Munthu akamagula njinga amayang'ana penti, kuliza belu, kufinya matayala, basi ndalama watulutsa. Za fulemu, mapaipi olumikizana aja amene ndi thupi lenileni la njinga, safunsa. Chonsecho tcheni, masipoko ndi chishalo zikatha timasintha, pamene fulemu ikathyoka njinga yathera pomwepo.

M'misika mwathu muno mupeza mitundu iwiri: yachitsulo ndi ya aluminiyamu. Njinga zimene tinakula nazo zija, Humber, Phoenix, Hero, ndi zachitsulo. Zamagiya zobwera pa kaunjikazi ndiye zosakanikirana. Aluminiyamu ndi wopepukadi: chidutswa chake chimalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo chofanana nacho kukula. Koma ndi wofewerapo, n'chifukwa chake mapaipi ake amawapanga onenepa kuti apirire.

Tsono mvetserani apa. Mnyamata wina anabwera kwa ine akukankha njinga yokongola, yopepuka moti n'kuinyamula ndi dzanja limodzi. Anali atamangirira kaliyala yosulitsa n'kumanyamulira makala. Pansi pa chishalo, pomwe mapaipi amakumana, panali kamng'alu kochepa ngati tsitsi. Anapita nayo kwa owotcherera a pamsika, iwo n'kumatapo momwe akanathera. Sanathe nayo mwezi, inang'alukanso pambali penipeni pa chigambacho. Vuto silinali la mmisiri ayi. Aluminiyamu amafuna makina akeake a mpweya wa argon, ndipo moto ukamudutsa amafooka pamalopo, mpaka atamuphikanso m'ng'anjo ngati mmene amachitira kufakitale. Ng'anjo imeneyo muipeza kuti kumudzi kuno?

Chitsulo chili ndi ulemu wake. Chikalemedwa nthawi zambiri chimayamba chapindika, kukuchenjezani, ndipo wowotcherera mawindo ndi ngolo pamsika uliwonse akhoza kuchilumikiza, mawa lake muli pamsewu. Aluminiyamu amatopa mwakachetechete ndi mabampu a tsiku ndi tsiku, kenako n'kuduka kamodzin'kamodzi. Njinga za Buffalo zija, za bungwe la World Bicycle Relief lomwe linayamba mu 2005, anazipanga dala zachitsulo. Zimalemera kupitirira makilogalamu 20, koma kaliyala yake anaipangira makilogalamu 100, ndiye kuti matumba awiri a chimanga. Awiri, achimwene kumbuyoko, osati atatu, ndakuonani mukuseka!

Mdani wa chitsulo ndi dzimbiri, ndipo loopsa ndi la m'kati mwa paipi, losaoneka. Madzi a mvula amalowera pa chishalo n'kukakhazikika pansi, pomwe pamazungulira mapedulo. Dzinja likatha zulani chishalo, tembenuzani njinga madzi atuluke, muthiremo timadontho ta oyilo. Pokalika penti pakanipo msanga.

Sindikunyoza aluminiyamu. Aphunzitsi oyenda pa tala, mwana wasukulu wonyamula makope okha, kapena munthu wokwera mtunda wopanda katundu, imeneyo imuyenera, ndipo sagwira dzimbiri lofiira lija. Zilikonso njinga zopangidwa ndi ulusi wa kaboni, zimene amathamangira pa mpikisano wa Tour de France. Zimenezo tizingoonera pa kanema, mtengo wake ndi wa njinga yamoto, ndipo zikamenyeka mng'alu umabisala m'kati. Ku Lusaka a kampani ya Zambikes anapangapo mafulemu a nsungwi, inde nsungwi zomwe timalukira madenguzi.

Nanga pansi pa penti mudziwa bwanji? Onani ichi ndanyamulachi: maginito ochotsa m'sipika ya wailesi yakufa. Kukhudzitsa pa fulemu, akamata ndi chitsulo, akagwa si chitsulo. Mukatero pukutani fumbi pa mfundo zonse zolumikizira mapaipi, makamaka kuseri kwa foloko ndi pansi pa chishalo, muyendetsepo chikhadabo. Chikakodwa pena pake, isiyeni. Landirani mayi, ayende mzere wonsewo, ndipo wina andikankhire njinga yabuluu ija kuno tiyambire imeneyo.