Halloween Yafika, Mwana Akuopa Zigaza za Pakhomo la Aneba: Mutani Inu Kholo Lachikhristu?

[Kamera pafupi, kulankhula mwachangu]

Ngati mukukhala ku UK, ku Ireland kapena ku America, ndipo muli ndi mwana wosakwana zaka 7, vidiyo iyi musaisiye pakati. Pali mawu amene makolo tonse timathamangira kunena mwana akaona chigaza mushopu, koma pa mwana wamng'ono mawuwo sagwira ntchito. Ndiwatchula posachedwapa.

Muli bwanji abale anga? Mwalandiridwa. Amene mwabwera koyamba, dinani batani la subscribe ndi kabelu kali pambaliko, n'zaulere. Amene mukuonera muli ku Lilongwe kapena ku Chipata mukuti izi za azunguzi zikutikhudza bwanji, musachoke, muwatumizire achemwali anu amene anapita kukagwira ntchito ya care aja.

Mbiri yake mwachidule, chifukwa si imene tabwerera. Halloween imachitika pa 31 Okutobala, usiku woti mawa lake, pa 1 Novembala, ndi tsiku la Oyera Onse. Akatolika mukulidziwa tsikuli. Ku Ireland ndi ku Scotland, kalekale pa nyengo yomweyi kunali mwambo wotsekera zokolola wotchedwa Samhain. Anthu a ku Ireland atathawa njala ya m'ma 1840 anapita ndi miyambo yawo ku America, kumeneko anapezako maungu akuluakulu osavuta kugoba, amalonda n'kuilowerera nkhaniyo, basi. Inu a CCAP ndi a Lutheran muli ndi chanu pa tsiku lomweli: pa 31 Okutobala 1517 m'pamene Martin Luther anatulutsa mfundo zake 95 ku Wittenberg.

Kodi Mkhristu azichita nawo Halloween? Imeneyo ine sindilowamo lero. Kwathu sitichita. Ena a mpingo wathu womwewu amavalika ana awo ngati anamwino n'kupita kukapempha masiwiti m'makomo mwa anthu. Werengani Aroma 14, mukafunse abusa anu, ndipo m'makomentimu mutsutsane mwaulemu. Vuto la lero n'lakuti kaya mumachita nawo kaya ayi, zinthuzi mwana wanu aziona. Mashopu amayamba kuziyala mu Seputembala. Ndipo zikukulirakulira: mu 2020 sitolo ya Home Depot ku America inayamba kugulitsa chimunthu cha mafupa okhaokha chotalika mafiti 12, kuposa mamita atatu ndi theka, anthu n'kumalimbirana. Zambiri masiku ano zili ndi batire, mukangodutsa pafupi zimakuwa, maso ofiira psuu. Kuno ku UK onjezanipo kuti Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa ndi ola limodzi, ndiye mukamakatenga mwana 5 koloko kunja kwada kale, zinthuzo zikuyaka.

[Pa sikirini: "NDI PULASITIKI, USAOPE"]

Mawu aja ndi amenewa. "Iwe, usalire, si chenicheni, ndi pulasitiki." Mwana akapitiriza kulira timawonjezera kuti "usakhale wamantha, tiye ukachigwire uzolowere." Abale inu, bodza loti mawu amenewa amathandiza limandipsetsa mtima, ndiye mundilole ndikhalepo pang'ono.

Ku University of Wisconsin ku America kunali mayi wina, Pulofesa Joanne Cantor, amene kuyambira m'ma 1980 anafufuza zimene zimaopsa ana akamaonera TV. Iye ndi mnzake Barbara Wilson anaonetsa ana kachigawo koopsa ka filimu, ena atawauziratu kuti azikumbukira kuti zimene akuonazo si zenizeni. Ana okulirapo, a zaka ngati 9 mpaka 11, mawuwo anawathandiza, mantha anachepa. Ana a msinkhu wa nazale? Palibe chinasintha. Anaopa chimodzimodzi ngati sanauzidwe kanthu.

Chifukwa chake n'chiyani? Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi amaweruza ndi maso. Chimene chikuoneka choopsa, kwa iye n'choopsa, nkhani yatha. Cantor yemweyo ndi Cynthia Hoffner anayesanso china: mayi wachikulire mufilimu, nthawi ina womukongoletsa ngati agogo abwino, nthawi ina womuipitsa nkhope, pena akuchita zachifundo, pena zankhanza. Ana akuluakulu ankayang'ana zochita zake. Ang'onoang'ono ankatengeka kwambiri ndi nkhope. Ndiye inu mukamati "ndi pulasitiki", mukulankhula ndi nzeru zimene mwanayo sanafikepo. Akhoza kubwereza mawu anuwo, "ndi pulasitiki amama", koma kamtima kakugunda, manja atakakamira siketi yanu, ndipo 2 koloko usiku adzakupezani kuchipinda.

Ife amene tinakulira ku Dedza, ku Mchinji, ku Kasungu, izi sitiyenera kuchita kuuzidwa ndi pulofesa. Sindikufanizira miyambo, Gule Wamkulu ali ndi ulemu wake, ndikunena za mwana chabe. Ng'oma zikalira, Kang'wingwi n'kutulukira, kamwana ka zaka zitatu kankachita chiyani? Kulowa m'chitenje cha amake. Ndipo amake sankayamba kukamba nkhani yaitali. Ankangokanyamula, kukabereka kumbuyo, nkhope n'kuiphimba, n'kuchoka pamalopo. Ofufuza aja anapeza zomwezo: ana aang'ono amatonthola ndi kukumbatiridwa, kugwira kabulangeti kapena chidole chawo, kupatsidwa kachakudya, kuchotsedwa pamalopo. Azimayi akumudzi anali kale patsogolo.

Tsono pali mbali ina imene ndi yathu ife opemphera, ndipo ndikudziwa kuti ena mundikwiyira. Mayi ali mushopu, mwana ali mu trolley, chimfiti cha batire chaseka, mwana wadzidzimuka. Mayi uja n'kuyamba mokweza: "Moto! Ndikukudzudzula m'dzina la Yesu! Mwazi wa Yesu!" Amayi, taganizani. Mwana akaona chinthu chachilendo, choyamba amayang'ana nkhope yanu kuti adziwe ngati pali ngozi. Waona amake, munthu wamphamvu kuposa onse m'dziko lake, akulimbana ndi chinthu chija. Mwamuuza chiyani? Kuti n'chamoyo, chikumva, ndipo ngakhale amama akuchiopa. Usiku akabwebweta kutulo, muyamba kuimbira foni anthu kuti mwana wamulowa chinachake, pomwe mantha mwawathirira nokha.

Sindikuti musapemphere. Pempherani! Koma pemphero la mwana wamantha likhale la mawu otsika, mutamufungatira, lalifupi: Yesu ali pano, amama ali pano, tigone. Timakonda kunena kuti Mulungu sanatipatse mzimu wa mantha, 2 Timoteo 1:7. Vesi imeneyo tiyambe taikhulupirira ife akuluakulu pamaso pa chidole chimene chili ndi mtengo wake pachipumi.

Ndipo chonde, abambo inu makamaka, musagwiritse ntchito chigaza cha aneba ngati chikwapu. "Ukapanda kudya nsima ndikakusiya kunyumba ya mafupa ija." Lero adya, inde. Koma msewu umenewo ndi umene amadutsa tsiku lililonse popita kusukulu.

Ngati mwamvapo kanthu pamenepa, dinani like tsopano musanaiwale, imathandiza kuti YouTube ifikitse vidiyoyi kwa makolo ena. Tsopano zochita.

[Pa sikirini: manambala]

Choyamba, njira. Yendani nokha masana, muone nyumba zimene zapyola muyeso, zamanda pakapinga, miyendo yodukaduka yolendewera pampanda. Sinthani msewu, kapena wolokerani tsidya lina. Ngati palibe kolambalala, muuzirenitu mwana musanafike: "Kutsogoloku kuli nyumba ya zidole zonyansa zija, ukufuna ndikunyamule kapena utseke maso tiziimba?" Kudzidzimuka n'kumene kumapweteka kwambiri, ndipo mwana akasankha yekha chochita amalimbako mtima.

Chachiwiri, mashopu. Mzere wa Halloween umakhala pamalo amodzi, uzungulireni. Kapena gulani pa intaneti milungu imeneyi.

Chachitatu, ndipo ichi n'chimene ambiri timachita nacho manyazi: kusukulu ndi kunazale. Amalawi tinaleredwa kuti aphunzitsi satsutsidwa, ndiye timangoti phee, kudandaula kwake pa gulu la WhatsApp. Ayi. Funsani msanga, mwezi ukangoyamba: kodi kukhala phwando la Halloween, tsiku liti, ana avala zotani, m'kalasi mupachikidwa chiyani? Nenani mwaulemu kuti banja lanu silichita nawo, kapena kuti mwana wanu amaopa zigoba zakumaso. Simukhala oyamba. Alipo makolo Achisilamu, a Mboni za Yehova, ndi azungu enieni amene amapempha zomwezo. Chimene ndikukupemphani n'chakuti mwanayo asangochotsedwa n'kukamukhazika yekha pakona ngati walakwa. Gwirizanani chochita china, kapena mukamutenge msanga tsikulo. Komanso mukonzekere yankho, chifukwa adzafunsa: "Nanga anzanga aja n'ngoipa?" Ayi, si oipa, banja lililonse lili ndi zake, kwathu timachita zakuti. Mukamuuza kuti anzake ndi afiti, mawa akakanena m'kalasi, ndipo foni yochokera kwa a head idzalira kwa inu.

Chachinayi, usiku weniweniwo. Lamulo losalembedwa n'lakuti ana amagogoda pakhomo pamene pali dzungu loyaka kapena zokongoletsa. Zimitsani getsi lapanja, tsekani makatani. Apolisi m'madera ambiri a UK amagawa kapepala komata pachitseko kopempha kuti anthu asagogode, mukhoza kukapeza pa webusaiti yawo n'kusindikiza. Wina akagogodabe, mwana wamng'ono asapite kukatsegula. Mipingo yambiri kuno imakonza Light Party, ku America kuli Trunk or Treat pamalo oimika magalimoto a tchalitchi. Masewera, nyimbo, masiwiti, popanda zoopsa. Koma funsani kaye za zovala, pena mumapezako wina atavala chigoba.

Ndipo mukatuluka usiku umenewo, chenjerani ndi msewu kuposa zigaza. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya JAMA Pediatrics mu 2018, woona zaka 42 za ngozi ku America, anapeza kuti imfa za oyenda pansi zimakwera ndi 43 peresenti madzulo a Halloween, ndipo kwa ana a zaka 4 mpaka 8 chiopsezo chimakwera kakhumi. Mugwireni dzanja, avale chowala.

Chachisanu, mafoni. Mwezi uno malonda a mafilimu oopsa amalowerera paliponse. Ndipo mkulu wake wa zaka 12 uja, muuzeni kuti kuopseza mng'ono wake si nthabwala.

Funso limene mumandifunsa: ndiye tizimubisa mpaka liti? Osati mpaka kalekale. Akamafika zaka 7, 8, mawu aja ayamba kugwira ntchito, ndipo mutha kumuonetsa masana pamene pali batire, pamene pali switch, iye akafuna yekha, osati kumukoka. Pamenepo m'pamenenso mungakambe naye zozama, za imfa, za manda opanda kanthu a Yesu, chifukwa chimene Mkhristu saopera mafupa. Ngati mantha apitirira milungu ingapo, sakugona, wayambanso kukodza pogona, akukana kutuluka panja, kaonaneni ndi GP (dokotala wanu) kapena health visitor (namwino woona za ana aang'ono).

Musapume msanga inu a ku UK, pa 5 Novembala kukubwera Bonfire Night, makombola usiku wonse ngati kwagwa nkhondo. Imeneyo ndi vidiyo ya sabata yamawa, ndiye kabelu kaja dinani. Lembani m'makomenti: muli mzinda uti, ndipo pamsewu wanu aika chiyani chaka chino? Vidiyo ya majekete a ana a nyengo yozizira ili apa, pamwamba pa dzanja langa. Tionana Loweruka.