Kasitima ka pakhonde ku Moatize

Moni nonse kulikonse kumene mukumvera. Ndikujambula gawo ili 4 koloko m'mbandakucha, ndiye mukamva tambala kapena phokoso la fani mundikhululukire. Kuno ku Moatize, ku Mozambique, mwezi wa November munthu sugona tulo tenitweni. Masana kutentha kumadutsa madigiri 40, usiku malata amakhala akulavulabe moto umene anamwa tsiku lonse. Mayi a kunyumba ndangowatembenuza kumene, ndawamwetsa madzi, agonanso. Ine tulo tathawa, ndiye ndati bwanji ndicheze nanu.

Gawo lapita lija munamva kaphokoso kumbuyo, ena mwandifunsa kuti kodi ndi makina osokera. Ayi. Ndi sitima. Ndili ndi sitima pakhonde panga, abale anga, yoyenda ndi magetsi pa tebulo la pulayiwudi. Anthu akuno amanditcha mkulu wosewera ngati mwana, ndipo sindikana.

Matenda a sitimawa ndinawatengera kwa bambo anga. Ankagwira ntchito ya njanji ku Limbe, kenako anawatumiza ku Balaka, kufupi ndi Nkaya pamene njanji imagawikana, ina kulowera ku Salima, ina ku Nayuchi mpaka ku Nacala. Anzanga akamapanga magalimoto a mawaya, ine ndinkapanga mabogi a zitini za nsomba n'kuwamangirira pa ulusi. Nditabwera kuno mu 2012 kudzasaka ganyu yowotcherera zitsulo, malasha anali atangoyamba kumene kutuluka, sitima zikupita ku Beira pa njanji ya Sena imene inakhala yakufa zaka zambirimbiri chifukwa cha nkhondo. Moatize yense anali piringupiringu, anthu a mitundu yonse, nyumba za lendi kukwera mtengo ngati tili ku Maputo. Pakati pa anthuwo panali mkulu wina wa ku Brazil amene tinkagwira naye ntchito. Tsiku lina anandiona ndikujambula mutu wa sitima pa katoni nthawi ya nkhomaliro. Sanalankhule zambiri, Chipwitikizi changa nthawi imeneyo chinali cha moni basi. Koma pamene kampani ya Vale inagulitsa mgodi mu 2022, a ku Brazil ambiri akubwerera kwawo, mkulu uja anabwera kunyumba ndi katoni. M'katimo munali mitu iwiri ya sitima, mabogi asanu ndi atatu, njanji zopindika ndi zowongoka, ndi thiransifoma. Zonse zopangidwa ndi Frateschi, kampani ya kwawo komweko.

Ndikufotokozereni pang'ono, poti ambiri simunaonepo. Kukula kwake amati HO. Chilichonse chimachepetsedwa ka 87, ndiye munthu wamtali bwinobwino amakhala ngati masentimita awiri. Pakati pa njanji ziwirizo pali mamilimita 16.5, ndipo magetsi amadutsa m'njanji momwemo, mavoti osapitirira 12 kwenikweni, kulowa m'mateyala mpaka ku kamota. Ukapotokola kabatani sitima imanyamuka, ukatembenuza kaswitchi imabwerera m'mbuyo. Akatswiri a zimenezi akhoza kundiseka, chifukwa njanji zathu zenizeni, za kuno ndi za ku Malawi, n'zopapatiza, mamilimita 1,067. Ukawerengera bwino, kanjanji kanga kanayenera kukhala mamilimita 12. Ndiye kuti sitima yanga ikuyenda pa njanji ya ku Ulaya pakati pa milambe ya ku Tete. Zilibe kanthu, palibe wabwera kudzayeza.

Milambeyo ndinapanga ndekha, mawaya a kopa opota, kukulunga nyuzipepala yonyowetsa m'guluu. Miyala ya m'njanji ndi mchenga wa mu Revúboè, wosefa ndi sefa ya ufa, imene ndinaba kukhitchini ndipo mlandu wake sunathe mpaka lero. Umauthira pang'onopang'ono, kuusalaza ndi kaburashi, kenako kudonthezera guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi ndi kadontho ka sopo kuti alowerere. Malasha a m'mabogi ndi enieni, ndinangowasinja mu mtondo. Maloto anga aakulu anali mlatho wa Dona Ana, uja wodutsa Zambezi pakati pa Mutarara ndi Sena, wa m'ma 1930, wotalika makilomita atatu ndi theka n'kupitirira. Nditawerengera ndinapeza kuti pa HO ungafune mamita oposa 40. Khonde langa ndi mamita anayi. Ndinangomanga zigawo zitatu ndi timitengo ta machesi ndi masipoko a njinga.

Mayi a kunyumba ankaitcha sitimayi mkazi mnzawo. "Pitani kwa akazi anu aang'ono akakuphikireni," ankatero ndikachedwa kubwera ku nsima. Iwowa kwawo ndi ku Angónia, kufupi ndi Ulongwe. Ali mwana anathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo, monga anachitira anthu ambirimbiri a kuno, n'kubwerera mtendere utabwera mu 1992. Chichewa chawo n'changa chomwe, kungoti sitima amati komboyo. Chipwitikizi amachidziwa bwino, ndipo zaka zonsezi pakamwa panga anali iwowo. Ku ofesi yoona za alendo pokonzetsa DIRE yanga (chiphaso cha mlendo chokhalira m'dziko lino), kwa eni nyumba, kusukulu kwa ana, ine ndinkangoima kumbuyo n'kumagwedeza mutu.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikupazemba.

Linali Loweruka, mwezi wa June 2023. Ndinali pakhonde ndikulumikiza waya ku njanji ndi chowotcherera. Ndinamva akuitana kukhitchini, "Bambo." Ndinayankha kuti ndikubwera. Anaitananso, mawu ake achilendo, ngati munthu ali ndi madzi m'kamwa. Ndinati dikirani pang'ono, chifukwa mtovu unali utangosungunuka ndipo ukausiya umauma molakwika. Sindidziwa kuti panadutsa mphindi zingati. Mwina zisanu, mwina khumi. Chimene chinandidzutsa ndi fungo la nsima yopserera. Ndinawapeza atakhala pansi atatsamira khoma, mthiko uli uko, pakamwa patakhotera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende.

Anansi anathamangira. Wina anati awa awaponda, tiyeni kwa asing'anga. Wina anati tiwathire madzi ozizira. Mwamwayi mayi wina woyandikana nafe anagwirapo ntchito kuchipatala, ndiye anakalipa kuti iyi ndi sitiroko, pezani galimoto msanga. Kuchokera kuno kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita ngati 20, koma tsiku limenelo msewu unatalika ngati tikupita ku Zobue. Kuchipatala adokotala akufunsa mafunso m'Chipwitikizi, ine kuyang'ana kwa mayi kuti ayankhe monga mwa nthawi zonse, iwo akungondiyang'ana, milomo ikuyenda, mawu osatuluka. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti ndine mlendo m'dziko lino. Zaka khumi ndi chimodzi ndinali ndisanazimve choncho.

Anatifotokozera, mothandizidwa ndi namwino wina wa ku Tsangano amene ankamasulira, kuti magazi anaundana n'kutseka mtsempha wa mu ubongo mbali ya kumanzere. Mbali imeneyo ndi imene imayendetsa thupi la kumanja, ndiponso kwa anthu ambiri ndi kumene kumakhala mawu. Gwero lake BP. Anali nayo kalekale osadziwa, poti siipweteka. Mutu ukawawa ankangoti ndi dzuwa la ku Tete. Inu amene mukumvera, mukaona munthu pakamwa pakhota, dzanja lafooka, mawu akukoka, musayambe ndi mapemphero a usiku wonse kapena kufufuza amene wamulodza. Pempherani muli m'galimoto. Ndipo kayezetseni BP ngakhale mukumva bwino, sizitenga nthawi.

Ndinafunsa adokotala, mwa Chipwitikizi changa chothyokathyoka, ngati mphindi khumi zija zikanasintha kanthu. Anandiyang'ana, n'kunena kuti chofunika n'chakuti tafika. Yankho limenelo silinandimasule. Titabwerera kunyumba ndinatenga chinsalu chakale n'kuphimba tebulo lonse, ndipo miyezi isanu sindinalikhudze. Ndinkadutsa pakhondepo nditayang'ana kumbali ngati pali manda.

Miyezi imeneyo ndinaphunzira ntchito zimene bambo anga sanandiphunzitse. Kusambitsa munthu wamkulu. Kumutembenuza usiku kuti asatuluke zilonda. Kuphika ndiwo zopanda mchere wambiri, zimene kuno ndi chilango, chifukwa chicoa, nsomba youma ija ya ku Cahora Bassa, ndi mchere wokhawokha, ndipo mayiwa ankaikonda kuposa nyama ya mbuzi. Kukumbukira mapiritsi a BP ndi asipirini m'mawa uliwonse. Ntchito ndinasiya ya tsiku lonse, pano ndimawotcherera mageti ndi mawindo pakhomo pompano kuti ndizimva akaitana. Akangoti "Bambo" kamodzi, chilichonse chimagwa pansi.

Achibale nawo sanachedwe. Amalume awo anatsika kuchokera ku Angónia, ndipo mukudziwa kwathu kuno mwini mbumba akalankhula mkamwini umakhala chete. Anati mwana wathu timutenge, kumudzi kukuzizira bwino, alongo ake amusamala. Kwathu ku Balaka nako foni: bwerera, ukuvutikiranji m'dziko la eni. Onse ankanena zoona mbali ina. Koma kumudzi kuchipatala n'kutali, ndipo masewera olimbitsa ziwalo amafuna kupita kawirikawiri. Tinakhala pabwalo mpaka dzuwa kupendeka. Mapeto ake anafunsidwa eni ake. Anatenga nthawi, kenako analoza pansi ndi dzanja lamanzere, n'kunena liwu limodzi, "Pano." Amalume anapukusa mutu, koma anavomera, n'kutisiyira mdzukulu wawo wamkazi kuti azitithandiza.

Chodabwitsa, mawu atayamba kubwerera, anayamba ndi Chichewa. Chipwitikizi chikubwera mwa apo ndi apo, mpaka pano. Ndiye kuchipatala wolankhula ndine. Amandiseka ndikalakwitsa, kuseka kwa mbali imodzi kuja, nthawi zina mpaka misozi.

Tsiku lina madzulo ndinawakhazika pakhonde kuti apitidwe mphepo. Kutali kunkamveka sitima ya malasha, zija zazitali za mabogi oposa 100 zimene zimadutsa kwathu ku Malawi, pa Nkaya pomwe paja, ulendo wa makilomita 912 kukafika ku doko la Nacala. Anamvetsera mpaka phokoso linatha. Kenako analoza chinsalu chija. "Komboyo." Ndinayesa ngati sindinamve. Anabwereza, mokalipa. Ndinati mayi, zija ndinasiya. Zinawatengera nthawi yaitali kulumikiza mawu, ine ndikudikira, poti anatilangiza kuti tisamawamalizire ziganizo. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Nyumba... ngati maliro. Ine sindinafe."

Ndinavundukula. Fumbi la kuno linali litalowa ngakhale pansi pa nsalu, njanji zakuda bii, ndipo fumbi likakhala pa njanji magetsi sadutsa. Kutentha kunali kutapinda njanji pamalo awiri pamene ndinaiwala kusiya kampata kofutukukira, zimene njanji yeniyeni imachitanso. Akangaude anamanga mu mlatho wa Dona Ana. Ndinapukuta ndi kansalu konyowetsa sipiriti usiku wonse. M'mawa mwake kamutu kamodzi kananyamuka, monjenjemera, koma kanazungulira.

Sindinawauzepo za mphindi khumi zija. Mwina akudziwa. Mwina anandimva ndikuti dikirani. Tsiku lina ndidzafunsa, mawu awo akadzakwanira kundiyankha zonse zimene angafune kunena.

Wotiphunzitsa masewera kuchipatala anati dzanja lofookalo lizigwira ntchito zing'onozing'ono tsiku lililonse, kutola nyemba, kutsegula mapegi a zovala. Nyemba zinkawakwiyitsa, ankati si mwana wa mkaka. Koma kabatani ka thiransifoma anakavomera. Ndimaika dzanja lawo lamanja pamenepo, lamanzere ndimaligwira kuti lisabere. Poyamba kunali kungoti kwaa, liwiro lonse, sitima n'kugubuduka pa kona, malasha mbwee pansi. Pano amatha kuiimitsa pafupi ndi siteshoni, osati pa siteshoni penipeni, koma pafupi. Ndisakunamizeni kuti sitima yawachiritsa. Zala ziwiri sizikumvabe. Mwendo amakoka. Pali masiku amene safuna kuona munthu, ndipo sabata yatha anatenga bogi imodzi n'kuiponya kukhoma chifukwa dzanja linakana kuiika pa njanji. Ndinatola zidutswa, ndinamata, ikuyenda mopendama. Ine ndimakonda zinthu zoti zikathyoka umamata n'kuyendanso, mwina n'chifukwa chake 4 koloko ngati ino mumandipeza pano.

Mutu wachiwiri uja unathyoka giya. Kuno sungapeze sitolo ya zoterezi, ngakhale mumzinda wa Tete. Dalaivala wina wa thiraki amene amapita ku Johannesburg anandifunsira mtengo kumeneko, ndipo nditausintha kukhala ma meticais unafanana ndi ndalama ya galimoto yopitira ku masewera mwezi wathunthu, kuphatikizapo magetsi a Credelec oyendetsera fani. Ndiye mutuwo waima pa kanjanji kapambali, ndauika ngati wodikira kukonzedwa, ndi timunthu tiwiri tamapepala titaima pambali pake. Ngati alipo wina mwa inu ku Joni kapena ku Harare amene ali ndi mutu wakale wa HO wakufa, usautaye, ine ndikufuna magiya okha.

Mayi apempha kuti pa tebulo pakhale msika, pafupi ndi siteshoni, wokhala ndi mayi wogulitsa tomato ndi masau monga ankachitira iwo. Tomato tikupanga ndi mikanda yofiira. Iwo ndi amene akuika pa kabenchi, umodziumodzi, ndi dzanja lamanja, ndipo dzulo anaika inayi. Andiuza kale kuti milu yanga ndi yaikulu kwambiri, wogulitsa wotere angagwe bizinesi.

Dikirani. Ndamva bedi lalira. Eya, ndi iwowo, akuitana. Tionana gawo likubwerali.