Tengani tepi muyeze: kukonza malo antchito kuti munthu waulumali agwire bwino ntchito

Moni omvera nonse kuno ku Dedza, kuyambira pa boma, ku Linthipe, ku Bembeke, mpaka kumunsi ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Inunso a ku Lizulu ndi ku Tsangano, takulandirani. Lero ndili ndi magulu awiri: inu amene muli ndi sitolo, chigayo, shopu ya utelala, sukulu kapena ofesi ndipo mumalemba anthu ntchito, ndi inu amene muli ndi ulumali, kaya mukufuna ntchito kaya muli kale pantchito. Cholembera chikhale pafupi, chifukwa nditchula miyeso.

Za malamulo ndidutsapo mwachidule. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Lamulo la zantchito la 2000, pa gawo 5, limaletsa tsankho polemba ntchito, pophunzitsa, pokweza paudindo ndi pochotsa munthu. Mu 2024 kunabwera lamulo latsopano la anthu aulumali, ndipo bungwe la boma loona za anthu aulumali lija tinkalidziwa kuti MACOHA kuyambira 1971 tsopano ndi MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 aliwonse azaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali. Choncho bambo, mayi, anthu amenewa ndi makasitomala anu, ndi abale anu, ndipo ena ndi antchito anu kale ngakhale sanakuuzeni.

Musanagule thumba la simenti, khalani pansi ndi munthu waulumaliyo. Funso lake si lakuti "mukudwala chiyani?" ayi. Funsani kuti, "Pantchito imeneyi chikukuvutani n'chiyani, ndipo tikonze pati?" Kenako lembani ntchitoyo zidutswazidutswa. Tiyerekeze wogulitsa m'sitolo ya zaulimi: kulandira ndalama, kulemba m'buku, kulangiza alimi za mbewu, kutsitsa katundu pashelefu, kunyamula matumba a feteleza a 50 kg. Mwa zisanuzi, munthu wa pa wilitcheya zitatu amazichita popanda kusintha kalikonse. Yachinayi, ingotsitsani katundu woyenda kwambiri akhale m'mashelefu apansi, osapitirira masentimita 120 kuchokera pansi. Yachisanu, asinthane ndi mnzake: uyu anyamule matumba, uyo atseke mabuku madzulo. Mwaona, palibe tambala yomwe yatuluka. Mabwana ambiri amakana munthu chifukwa cha kachidutswa kamodzi kotereka, n'kutaya munthu wodziwa masamu ndi wokhulupirika pandalama.

Tsopano tifike pa rampu, kachitsetso kaja kokwerera wilitcheya pakhonde. Apa ndikhalitsa pang'ono chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimawonongekera. Yezani kutalika kwa khonde kuchokera pansi. Sentimita iliyonse yokwera ifunika masentimita 12 a m'litali. Sitepe imodzi ya masentimita 15 ifunika rampu ya masentimita 180. Khonde la masitepe atatu, masentimita 45, lifunika mamita 5 ndi masentimita 40. Ndibwereze: mamita 5 ndi masentimita 40. Mmisiri akakuuzani kuti "bwana, mita imodzi ndi theka ikwana," mukaneni. Rampu yotero munthu sakwera yekha. Mawilo akutsogolo amanyamuka, njinga n'kugwera chagada, mutu n'kumenya pansi. Potsika sangathe kuigwira, manja amapsa ndi mawilo, n'kukathera mumsewu.

Malo akachepa, ndipo kuno kwathu kumapiri amachepadi, ipindeni. Iyende m'mbali mwa khoma, ikhote, ibwerere. Pokhoterapo pakhale pafulati, masentimita 150 uku ndi uku, kuti njinga itembenuke. Pamwamba, patsogolo pa chitseko, pakhalenso pafulati pomwemo. Amisiri ambiri amafikitsa chitsetso pachitseko penipeni, ndiye munthu akati asiye wilo kuti atsegule, njinga imabwerera m'mbuyo. M'lifupi ikhale masentimita 120. M'mbali zonse ikani kamzere ka njerwa kotalika masentimita 10 kuti wilo kapena ndodo isapulumukire kunja, ndi paipi yogwirira pa masentimita 90.

Konkiriti yake: ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa kumtsinje, zinayi za kwale. Pansi pake tsinderani bwino dothi. Muziithirira madzi masiku 7 isanayambe kupondedwa kwambiri, apo ayi imang'aluka. Ndipo chonde, musaisalaze, musapake polishi wofiira uja. Isanaume, kokani tsache chopingasa kuti pakhale timizere. Dedza mukuidziwa: chiperoni cha June ndi July, mame am'mawa, ndere zomera pasimenti nthawi ya dzinja. Rampu yosalala imaterera ngati therere, ndipo oyamba kugwa ndi a ndodo zoyendera. Onaninso kumene madzi a padenga akugwera. Akamagwera parampu pomwepo, ikani gatala.

Chitseko yezani chili chotsegula, kuchokera pa chitsekocho kukafika pa felemu, osati felemu yokha. Pasachepere masentimita 80, koma 90 ndiye bwino. Kachitunda ka pakhomo kaja, kotchingira madzi, kagumuleni kapena kasendeni. Tebulo kapena kauntala pansi pake pakhale mpata wa masentimita 70 kuti mawondo alowe. Ngati ndi lalifupi, ikani timatabwa pansi pa miyendo n'kukhomerera, osangoika njerwa, zimasuntha.

Chimbudzi anthu amachita nacho manyazi kuchitchula, koma ndi chimene chimachotsa anthu ambiri pantchito mwakachetechete. Munthu akaona kuti salowamo, amasiya kumwa madzi tsiku lonse, ndipo mapeto ake ndi matenda a chikhodzodzo. Chitseko chizitsegukira kunja, chifukwa munthu akagwa m'kati thupi lake limatseka chitseko cholowera m'kati. Ngati n'chokumba, mangani mpando wa njerwa ndi simenti pabowo, wotalika masentimita 45 mpaka 50, wosalala kuti uzitsukika. Pakhoma pakhale paipi yogwirira pa masentimita 75, yozikidwa m'simenti, osati yokhomedwa ndi misomali pa njerwa zosawotcha. Iyeseni nokha poikokera ndi mphamvu zanu zonse. Njira yopitira kumeneko ikhale yotsinderedwa, yopanda miyala, ndipo kiyi asamakhale m'thumba la abwana.

Kwa atelala amene miyendo ilibe mphamvu, makina opalasa aja amasinthika. Pagudumu lake pamamangika chopukusira chamanja, kapena kamota ngati pali magetsi. Chopondera cha motayo chikwezeni patebulo kuti azikanikiza ndi chigongono, manja onse awiri atsale pansalu.

Kwa amene saona, chachikulu ndi dongosolo. Tsiku loyamba yendani naye malo onse, iye atagwira chigongono chanu, inu muli patsogolo pang'ono. Osamukankha kumbuyo, osamugwirira ndodo yake yoyera. Kuyambira pamenepo zinthu zisasunthidwe popanda kumuuza. Zitseko zikhale zotsekeratu kapena zotsegukiratu, chifukwa chotseguka theka ndodo imachiphonya, chipumi n'kuchipeza. Pa kompyuta pali pulogalamu yaulere yotchedwa NVDA yomwe imawerenga mokweza zolembedwa, ndipo mafoni a Android ali kale ndi TalkBack. Koma samalani: kalata mukaijambula ndi foni n'kuitumiza pa WhatsApp ngati chithunzi, mwamutsekera kunja. Tumizani mawu otayipa kapena uthenga wamawu. A Malawi Union of the Blind angakuthandizeni pa maphunziro a zimenezi.

Kwa amene samva, musakuwe. Kukuwa kumapotoza milomo, ndipo amene amawerenga milomo amasokonezeka. Imani moyang'anana naye, kuwala kukhale pankhope panu, osati kumbuyo kwanu. Malangizo a tsiku alembeni pabolodi kapena pafoni. Pankhani zikuluzikulu monga mayeso a ntchito, mlandu wa pantchito kapena kusintha kwa malipiro, pezani womasulira chinenero chamanja; funsani a MANAD, bungwe la anthu osamva, ndipo kuno tili ndi mwayi woti ku Mua kuli sukulu ya ana osamva, kotero odziwa chinenerochi sasowa. Musamasulitse mwana wake kapena wantchito mnzake amene akukhudzidwa ndi nkhaniyo. Pachigayo kapena pocheka matabwa, lumikizani babu lofiira loti liziyaka injini ikamayenda, tchingani malamba, ndipo gwirizanani chizindikiro chimodzi chamanja chotanthauza "zimitsa", aliyense achidziwe.

Abale athu a khungu lachialubino, ntchito yapanja iwakomere m'mawa ndi madzulo. Kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko akhale pamthunzi. Kuzizira kwa kuno kusakunamizeni, kumapiri dzuwa limawotcha khungu ngakhale kuli mitambo. Yunifolomu ikhale ya manja aatali, chipewa chakhonde lalikulu, ndi mafuta oteteza khungu a SPF 30 kapena kuposa, opaka maola awiri aliwonse akakhala panja. Ambiri saona patali, choncho zolemba zikhale za zilembo zikuluzikulu, saizi 18, zakuda papepala loyera. Ndipo nkhani ya chitetezo musaitenge mopepuka: asamaweruke usiku yekha, asamatumidwe yekha kumalo achilendo.

Wa khunyu amagwira ntchito bwinobwino akamamwa mankhwala. Mupatseni tsiku lake lokatenga mankhwala kuchipatala, ndipo musamuike pamoto, pamwamba pa makwerero kapena pafupi ndi chitsime. Akagwa, chotsani zomwe zingamupweteke, ikani chofewa kumutu, kugwedezeka kukatha mugonekeni cham'mbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse madzi. Khunyu sapatsirana, ngakhale kudzera m'malovu. Zikapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala.

Ndibwere kwa inu ofuna ntchito. Mukaitanidwa ku mayeso, imbani foni kusanafike tsikulo: chipindacho chili pansi kapena pamwamba, pali masitepe angati, mayeso ndi olemba kapena apakamwa. Nenani chomwe mukufuna, kaya womasulira, kaya zilembo zikuluzikulu, kaya nthawi yowonjezera. Tengani chinthu chooneka: telala atenge malaya omwe anasoka, kalipentala zithunzi za mipando yake, wa kompyuta apemphe kuti aonetse pomwepo. Abwana ambiri si oipa mtima, ali ndi mantha a ndalama, ndiye fikani ndi yankho: "Tebulo likakwezedwa masentimita 5 ndi timatabwa, ndigwira ntchito yonse." Ngati luso mulibe, pitani ku ofesi yosamalira anthu ya pakhonsolo mukafunse za maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, komanso malo ophunzitsira anthu aulumali a ku Magomero m'boma la Chiradzulu ndi a ku Lilongwe.

Zonse mwagwirizana zilembedwe: chosintha n'chiyani, alipira ndani, chitha liti. Musainirane, aliyense asunge pepala lake, ndipo pakatha mwezi mukhalenso pansi kuona chomwe sichikuyenda. Manijala akasintha, pepala limenelo ndilo limayankhula. Malipiro akhale ofanana ndi a anzake ogwira ntchito yofanana. Gawo 6 la lamulo la zantchito likutero. Kumudula malipiro kuti mubweze ndalama za rampu n'kumulakwira, rampuyo ndi ya nyumba yanu, ndipo agogo ndi amayi oyembekezera aziyendanso pomwepo.

Amene walumala ali kale pantchito, mwina makina amudula zala kapena wagwa pagalimoto ya katundu, ngoziyo ikanenedwe ku ofesi ya zantchito msanga, chifukwa pali lamulo la chipukuta misozi la 2000. Sungani buku lakuchipatala ndi mayina a mboni. Abwana, musanaganize zomuchotsa, bwererani ku mndandanda wa zidutswa za ntchito uja muone zomwe angapitirize.

Mukachotsedwa ntchito chifukwa cha ulumali, kapena popanda kupatsidwa mpata wodziteteza, musakhale kunyumba kudikira kuti abwana asintha mtima. Dandaulo lifike kwa mkulu wa zantchito wa boma lanu, ku Dedza kapena ku Ntcheu, isanathe miyezi 3 chichotsedwere. Tengani kalata yokulembani ntchito, kalata yokuchotsani, mapepala a malipiro, pepala la mgwirizano lija, ndi mauthenga a pafoni, musawafute. Zikakanika pamenepo, nkhani imapita ku khoti la zantchito, Industrial Relations Court. A MACODA ndi a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, adziwitseninso, ndipo ngati mukufuna womasulira tsiku lokambirana, neneranitu pamene mukupereka dandaulolo kuti tsikulo lisadzalephereke.