Fisi wovala chipewa uja ndi ndani?

Zikomo amfumu, zikomo akomiti, ndi inu nonse makolo anzanga amene mwasiya makasu kudzakhala nafe pano. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Alipo muno amene anachionapo chimbalangondo chamoyo, ndi maso akewa? Kwezani mkono, musachite manyazi. Palibe. Agogo uko akuti anachiona m'Baibulo. Eya agogo, tonsefe dzina limeneli tinalimvera kutchalitchi. Davide akuuza Sauli kuti anapha mkango ndi chimbalangondo poweta nkhosa za atate ake. Zimbalangondo ziwiri zazikazi zikutuluka m'nkhalango n'kukhadzula anyamata 42 amene ankaseka dazi la Elisa. Pa Miyambo 17:12 akuti kuli bwino kukumana ndi chimbalangondo cholandidwa ana kusiyana ndi kukumana ndi chitsiru. Ndiye kwa ife chimenechi n'chilombo, chosasewera nacho.

Tsono sabata yatha tinatsegula katoni ya mabuku imene sukulu yathu ya mkombaphala yalandira. Kamtsikana kena kanatola buku, kanaliyang'anitsitsa, kenako n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, fisi ameneyu wavaliranji chipewa?" Ndinaseka, koma mwanayo sanalakwe. Watchula chilombo chimene amachidziwa. Ndipo mukaona bwino, nyama imeneyi yatizungulira: m'mabuku, pa zikwama za sukulu, pa makatuni a pafoni, ngakhale pa kaunjika, kumene zidole zake zaubweya zimaunjikidwa pambali pa nsapato. Nanga chilombo chokhadzula anthu chinafika bwanji pogona ndi mwana pa mphasa imodzi?

Choyamba, mu Africa muno mulibe chimbalangondo cham'tchire. Padziko lonse pali mitundu 8, ku America, ku Ulaya ndi ku Asia. Mtundu umene unali ku mapiri a Atlas, kumpoto kwa Africa, unatha kalekale. Chachimuna chachikulu chimapitirira makilogalamu 300, ndiye kuti matumba 6 a chimanga, ndipo pa liwiro simungachithawe. Koma chili ndi zina zimene zimakopa maso a munthu. Chimaponda ndi phazi lonse ngati ife, chimatha kuima ndi miyendo iwiri, chimakhala tsonga n'kumagwira chakudya ndi manja. Chimadya chilichonse, zipatso, nsomba, nyerere, uchi. Wojambula sachita kuvutika nacho: kungochiveka malaya, chasanduka munthu.

Nkhani ya chidole inayamba ndi uzimba. Mu Novembala 1902 pulezidenti wa America, Theodore Roosevelt, anapita kokasaka ku Mississippi, ndipo zimbalangondo sizinkamuonekera. Wotsogolera uzimbawo anali Holt Collier, munthu wakuda wobadwira mu ukapolo, katswiri wa tchire limenelo. Iye ndi agalu ake anapanikiza chimbalangondo china, anachimenya, n'kuchimangirira ku mtengo kuti bwana adzangowombera. Roosevelt atafika anakana, ati kuwombera nyama yomangidwa si ulenje. Wojambula wina, Clifford Berryman, anajambula zimenezi mu nyuzipepala ya Washington Post, ndipo m'mene ankabwereza kujambula, chimbalangondo chija chinkacheperachepera, maso n'kumakula, mpaka chinasanduka kamwana komvetsa chisoni. Ku Brooklyn, Morris Michtom ndi mkazi wake Rose, amene ankagulitsa maswiti, anasoka chidole n'kuchiika pawindo la sitolo ndi dzina la pulezidenti lachibwana lija, Teddy. Nthawi yomweyo ku Germany kampani ya mayi wina wosoka, Margarete Steiff, amene poliyo inamulumaza miyendo ali mwana, inatulutsa chake chopinda manja ndi miyendo. Zidole za pa kaunjika zija makolo ake ndi amenewo.

Koma pali kachidutswa kamene ana sauzidwa. Chimbalangondo cha ku Mississippi chija sichinamasulidwe ayi. Chinali chitavulala kwambiri, ndipo anachimaliza ndi mpeni. Gwirani mfundo imeneyo, chifukwa muiona ikubwerabwera: nkhani yeniyeni imakhala yowawa, ana amapatsidwa yothira shuga.

Tibwere kwa chija chachikasu, chamimba, chonyamula mtsuko wa uchi, Winnie-the-Pooh. Ameneyu ndimamukonda, ndivomere. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, dokotala wa ziweto wa asilikali a Canada, Harry Colebourn, anali pa sitima yapamtunda. Itaima pa siteshoni ya White River anaona mlenje ali ndi kamwana ka chimbalangondo, mayi wake ataphedwa. Anakagula madola 20 n'kukatcha Winnie, potengera mzinda wa kwawo wa Winnipeg. Kanali kakakazi. Anawoloka nako nyanja mpaka ku England, kakukhala pakati pa asilikali ngati kagalu. Itakwana nthawi yopita kunkhondo ku France, anakasiya kumalo osungirako nyama ku London, ati adzakatenga pobwera. Nkhondo itatha anapeza ana a mu London atakazolowera, ndiye mu 1919 anangokapereka. Winnie anafera komweko mu 1934.

Mwa ana amene ankapita kukamuona panali Christopher Robin, mwana wa mlembi A. A. Milne. Mnyamatayo anali ndi chidole chake, ndipo anachisintha dzina kuti chikhale Winnie. Bambo ake anatenga chidolecho pamodzi ndi zidole zina za mwanayo, kankhumba, bulu, kangaru, n'kuzilembera nkhani. Buku linatuluka mu 1926, zithunzi anajambula E. H. Shepard. Pooh wake ndi wanzeru zochepa, amadya mpaka kukanirira pakhomo la una wa mnzake, koma alibe mtima woipa ngakhale pang'ono. Ana amamukonda chifukwa kwa kamodzi apeza wina amene iwo akumuposa nzeru.

Amene sanasangalale ndi mwini zidolezo. Christopher Robin atapita kusukulu yogonera komweko anzake ankamunyoza ndi ndakatulo za bambo ake zomwe. Anakula ndi chakukhosi, n'kukakhala kutali ndi makolo ake, akugulitsa mabuku ku Dartmouth. Zidole zija lero zili m'kabati yagalasi mu laibulale yaikulu ya ku New York. Inu amene mumajambula ana anu akulira n'kumaponya pa Facebook kuti anthu aseke, nkhani ya mnyamata ameneyu muikumbukire. Ndangodutsamo, musandida.

Tsopano wa chipewa uja. Dzina lake ndi Paddington, ndipo ameneyu anatsala pang'ono kukhala wa kuno. Michael Bond ankagwira ntchito yojambula ndi kamera ku BBC. Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi mu 1956 anaona chidole chatsala chokha pa shelefu m'sitolo ya Selfridges, chinamumvetsa chisoni, anagulira mkazi wake. Ankakhala pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Paddington, dzina n'kuchokera pamenepo. Polemba nkhani, analemba kuti kachimbalangondoka kachokera mkatikati mwa Africa. Munthu amene ankamugulitsira zolemba zake, Harvey Unna, anamuuza kuti bwanawe, ku Africa kulibe zimbalangondo. Bond anafufuta n'kulemba Peru, kumene kulidi mtundu wina wokhala ndi mizere yoyera kuzungulira maso ngati chavala magalasi. Buku linatuluka mu 1958. Taonani, mlembi ameneyu Africa ankangoiganizira ngati tchire limodzi lalikulu mmene mungapezeke chilichonse.

Nkhani yake imayamba chonchi. Kachimbalangondo kafika ku London kobisala m'sitima yapamadzi, kakhala pa siteshoni ndi kasutikesi kake, pakhosi atakamangirira kapepala kopempha kuti wina akasamalire. Banja la a Brown likutola n'kupita nako kwawo. Bond ananena yekha kuti kapepala kameneko anakatenga kwa ana a nthawi ya nkhondo yachiwiri, amene ankasamutsidwa m'mizinda pothawa mabomba, aliyense dzina lake litalembedwa pakhosi, katundu ali m'manja. Ndiye mukachotsa ubweyawo, Paddington ndi mwana wothawa kwawo, wopanda chiphaso, woyembekeza chifundo cha eni dziko. Amene munali akuluakulu m'zaka za m'ma 1980 mukukumbukira abale athu a ku Mozambique akufika ndi mitolo pamutu. Enanu muli ndi ana ku Joni amene anafika pa Park Station osadziwa kolowera. Buku limeneli mukhoza kuliwerenga ndi mwana popanda kumufotokozera zambiri, chifukwa za kulandira mlendo timazidziwa kale. Chosiyana n'chakuti mlendo wa m'bukuyu ndi waulemu kwadzaoneni, amavula chipewa popereka moni, ndipo ndimadzifunsa ngati akanamutola akanakhala wamkulu, wanjala ndi wokwiya.

Za pa kanema ndingothamangamo. Yogi Bear anatulukira ku America mu 1958, ntchito yake kuba mabasiketi a chakudya a alendo m'paki. Zoseketsa, koma nthawi imeneyo ku paki yeniyeni ya Yellowstone anthu ankaimika galimoto n'kumadyetsa zimbalangondo pamanja, ndipo chaka ndi chaka ena ankalumidwa, mpaka mu 1970 akuluakulu a pakiyo anakhwimitsa malamulo n'kuyamba kutseka maenje a zinyalala kumene nyamazo zinkadyera. Kenako pali Masha, kamtsikana ka mpango kumutu kamene kakumaliza mabandulo anu. Katuni imeneyi ndi ya ku Russia, inayamba mu 2009. M'nthano yakale ya kumeneko, mtsikana amasochera m'nkhalango, chimbalangondo chimamugwira kuti azichiphikira, iye n'kuthawa atabisala mu dengu limene chimbalangondocho chasenza chokha. Nzeru za Kalulu zenizeni. Pa katuni zinthu anazitembenuza: wozunzika ndi chimbalangondo. Sichiyankhula n'komwe, chimangogwira kumutu, kukolopa, kuphika, kufunafuna poti chipumuleko. Amayi ena anandiuza kuti Masha akuphunzitsa ana mwano. Mwina. Ine ndikamaonera ndimaona kuti chimbalangondo chija ndi inuyo, amayi, Loweruka masana.

Nanga bwanji ife fisi sitinamusandutse chidole? M'nthano zathu fisi amayankhula, amafunsira mbeta, amavina, koma amakhalabe fisi, wadyera ndi wamantha, ndipo palibe mayi angagoneke mwana atakumbatira kafisi kansalu. Chifukwa chake n'chapafupi: fisi akadabwerabe kukhola usiku. Ku Britain, kwawo kwa Pooh ndi Paddington, zimbalangondo zam'tchire zinatha zaka zoposa 1,000 zapitazo. Milne ndi Bond sanatayepo nkhosa ngakhale imodzi. Chimene ankachidziwa ndi cha mu mpanda wa zitsulo ndi cha pa shelefu. Pitani ku mapiri a Pyrenees ku France, kumene boma linabweretsa zimbalangondo kuchokera ku Slovenia kuyambira 1996 kuti mtundu usathe. Anthu a m'tauni anaomba m'manja, abusa a nkhosa anachita zionetsero, ndipo mkanganowo sunathe mpaka lero. N'chimodzimodzi njovu: mlendo wa kamera ku Liwonde ndi mlimi amene munda wake uli m'mphepete mwa mpanda sakuona nyama imodzi.

Ndiye mabukuwa sindikuti tiwabise. Ndi okoma, ndipo mwana wa ku London nayenso amawerenga za mkango asanauone. Changa n'chakuti mukamawerenga naye, mumuuze kuti nyamayi ilikodi, kumayiko ozizira imagona m'phanga miyezi ingapo osadya, ndipo siivala malaya. Akafunsa za uchi, muuzeni za chiuli, chimene chimafumula njuchi konkuno osaopa mbola. Akatha Pooh, agogo amuyambire padangotero, aone kuti kwathunso nyama zimayankhula.

Mabuku ali mu ofesi, kubwereka ndi Lachisanu, kubweza Lolemba, ndipo chonde asapite kukakulungira mandasi. Kamtsikana kaja ndinakalonjeza yankho, ndiye mayi ake ngati muli pano mukakauze: si fisi, ndi chimbalangondo cha ku Peru, ndipo chipewacho anachita kupatsidwa ndi amalume ake. Amfumu, ndabweza mawu kwa inu.