Oyilo akachuluka mu injini, chimachitika n'chiyani?

(Boneti ndi yotsegula. Wofotokoza wasolola dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo, akuionetsa pafupi ndi kamera.)

Taonani kachitsulo aka. Kali ndi zizindikiro ziwiri, chapansi ndi chapamwamba. Tonsefe timaopa chapansichi, chifukwa tinamva kalekale kuti injini yopanda oyilo imanoka. Koma chapamwambachi ambiri sitichilabadira. Munthu akamapita ulendo wautali amathirako wina n'kumati, "Bola achuluke kusiyana n'kuchepa." Mtima wake ndi wabwino, akufuna kusamala galimoto yake, koma zimene wachitazo zikhoza kuipha injiniyo. Ndipo imfa yake ndi yomweyo ya injini yosowa oyilo.

Tiyeni tione mkati. Pansi penipeni pa injini pali sampu, beseni lachitsulo momwe oyilo amakhala. Pamwamba pa sampuyo pamazungulira crankshaft, chitsulo cholemera chokhotakhota chimene mapisitoni amachikankha. Amene anapanga injini anasiya mpata pakati pa oyilo ndi chitsulochi, kuti chizizungulira osamukhudza. Mukathira wopitirira, mpatawo umatha.

Singano ya pa dashibodi yoonetsa liwiro la kuzungulira kwa injini ikaloza pa 3, ndiye kuti crankshaft ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi, kapena kuti ka 50 pa sekondi imodzi yokha. Ganizani chitsulo chothamanga chomwecho chikumenya oyilo.

(Wofotokoza akukhutchumula botolo loonekera mkati lomwe muli oyilo theka.)

Ine ndangokhutchumula ndi dzanja masekondi ochepa, koma mwaona timathovu tadzazamu? Mu injini zimaposa apa. Oyilo amasanduka thovu, ndipo pampu m'malo mokoka oyilo weniweni imakoka thovulo n'kulitumiza ku mabeyaring'i, tizitsulo tosalala momwe crankshaft imazunguliramo. Apa m'pamene pagona nkhani. Crankshaft siyenera kukhudzana ndi mabeyaring'i ake. Imayandama pa kaoyilo kopyapyala kuposa tsitsi, kamene pampu imakankhira pamenepo mwamphamvu. Oyilo safinyika, n'chifukwa chake amatha kunyamula chitsulo cholemeracho. Mpweya umafinyika. Thovu likafika pamenepo limangophwa, chitsulo n'kuyamba kukhulana ndi chitsulo chinzake. Thovu silichotsanso kutentha bwino ngati mmene oyilo amachitira. Sampu yadzaza mpaka kusefukira, koma mabeyaring'i akuuma. Poyamba mumva kaphokoso ka "tiki-tiki" pamwamba pa injini, mukapitiriza mudzamva kugogoda kochokera pansi, ndipo pamenepo makaniko adzakuuzani kuti injini itsike.

Oyilo wochulukayo amafunanso potulukira. Amakankha masilu ndi magasiketi, zotseka mipata kuti oyilo asatuluke, mpaka kuyamba kudontha. Silu yovuta kwambiri ndi ya kumbuyo kwa crankshaft, pakati pa injini ndi giyabokosi. Kamphira kake n'kakang'ono, koma kuti akafikire amayenera kutsitsa giyabokosi yonse. Ngati galimoto ndi ya kilatchi, oyiloyo amatha kunyowetsa kilatchi n'kuyamba kutereza.

Wina amakwera kudzera m'kapaipi kopumira injini, n'kukalowa komwe kumalowera mpweya, kenako n'kupsa limodzi ndi petulo. Ku ekizosi kumatuluka utsi wabuluu wonunkha oyilo wopserera, mapulagi amada, injini imayamba kudumphadumpha. Zikakhalitsa, catalytic converter, chosefa utsi chija, imawonongeka, ndipo chimenechi si chinthu chotchipa.

Eni galimoto za dizilo, apa mvetserani bwino. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto, mafuta amayaka chifukwa cha kutentha kwa mpweya wofinyidwa. Choncho oyilo wambiri akalowa komwe kumalowera mpweya, injini imatha kumuyatsa ngati dizilo. Imayamba kulira mokwera yokha, chiutsi tolotolo, mukazimitsa kiyi osazima ayi, chifukwa sikudaliranso mafuta a m'thanki. Ikudya oyilo wake womwe mpaka atathe kapena china chake chitathyoka. Ngati ndi ya kilatchi, pondani buleki mwamphamvu, lowetsani giya yapamwamba, n'kusiya kilatchi kuti izime. Zikakanika, tulukani muime patali. Sizichitika kawirikawiri, koma ndikufuna muzidziwiretu.

Nanga oyilo amachuluka bwanji? Nthawi zambiri ndi kuyeza kolakwika. Mwangozimitsa injini, oyilo akadali m'mwamba sanatsikire mu sampu, dipisitiki ionetsa ngati wachepa, inu n'kuthira. Kapena galimoto yaima potsetsereka. Enanso amagula chigubu cha malita 5 n'kukhuthulira chonse, pomwe injini zambiri za galimoto zing'onozing'ono zimangofuna malita apakati pa 3 ndi 4 ndi theka. Muyezo weniweni uli m'buku la galimoto yanu, ndipo kawirikawiri amalemba iwiri: wosintha ndi fyuluta yomwe, ndi wosasintha fyuluta.

Palinso ichi chimene chimandidetsa nkhawa. Kagetsi kofiira kooneka ngati kaketulo kakayaka, ambiri amathamangira kuthira oyilo osayeza n'komwe. Kagetsi kofiirako sikayeza kuchuluka kwa oyilo, kakunena kuti mphamvu yomwe akukankhidwira yatsika. Mwina oyilo wachepadi, mwina pampu yatopa, mwina kasefa ka mu sampu katsekeka. Imani, zimitsani, yezani kaye.

(Kamera ili pafupi ndi manja.)

Kuyeza kwake n'kotere. Galimoto iime pamalo osapendekeka, injini ikhale itazima kwa mphindi 5 mpaka 10. Sololani dipisitiki, pukutani ndi kansalu koyera, bwezerani mpaka pansi, sololaninso. Muyang'ane mbali zonse ziwiri, ndipo mukhulupirire yomwe yaonetsa pansi. Pa galimoto zambiri, kuchoka pa chizindikiro chapansi kufika chapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi basi. Ndiye ngati oyilo ali pakatikati, musathire lita yathunthu. Ndipotu pakatipo palibe vuto, injini ikhoza kuyenda bwinobwino. Mukafuna kuwonjezera, thirani pang'ono, dikirani atsike, yezaninso.

Ngati wapitirira ndi mamilimita awiri kapena atatu, musataye mtima, nthawi zambiri sizivulaza kanthu. Koma akakwera ngati kunenepa kwa chala, kapena mukuona timathovu pa dipisitiki, ine sindingalize injini imeneyo. Chotsani kaye. Njira yaukhondo ndi kulowetsa kapaipi kopyapyala m'bowo la dipisitiki n'kukoka ndi kapampu kapena chisirinji chachikulu, pang'onopang'ono, mukuyeza. Osakoka ndi pakamwa chonde. Kumasula bawuti ya pansi pa sampu kumathekanso, koma injini izizire kaye chifukwa oyilo wotentha amawotcha koopsa, ndipo bawutiyo ikapulumuka m'zala, yense akhuthukira pansi. Musalowe pansi pa galimoto yomwe yangokwezedwa ndi jeki yokha. Oyilo wochotsayo musungeni m'chigubu chotseka, osamutaya pansi kapena mu ngalande.

Nthawi zina oyilo amakwera yekha, inu musanathire ngakhale dontho. Pamenepo kupungula sikuthandiza, chifukwa pali china chikulowa mu sampu. Nunkhizani dipisitikiyo. Ikamanunkha petulo kapena dizilo, ndipo oyilo wake wasungunuka ngati madzi, mafuta akudutsa m'mbali mwa mapisitoni, mwina ma injector, opopera mafuta mu injini, akudontha. Pa dizilo zamakono zokhala ndi fyuluta ya mwaye ku ekizosi, izi zimachitikanso galimoto ikamangoyenda timaulendo tifupitifupi. Oyilo akaoneka wotuwa ngati wasakanikirana ndi mkaka, ndiye kuti madzi a mu radiator alowamo, ndipo kawirikawiri gasiketi ya hedi ndi imene yapsa. Onani madzi a m'kabotolo ka radiator ngati akutsika, ndipo galimotoyo ipite kwa makaniko itakokedwa, osati ikulira.