Mlembi asamatsale yekha pansi pa mtengo

Zikomo amfumu potilola kukumana pano, zikomonso a wapampando. Amayi ndi abambo, mwaswera bwanji?

Ndiyambe ndi inu alembi a banki mkhonde. Msonkhano ukatha, anzanu n'kupita kukateleka nsima, inu mumatsala mpaka liti mukuwonkhetsa? Amayi kumbuyoko akuti ola lathunthu. Tawerengerani nokha: ola limodzi pa sabata, masabata 52, ndiye kuti maola 52 pachaka. Kwa wogwira ntchito maola 8 patsiku, amenewo ndi masiku 6 ndi theka. Ndipo palibe amakulipirani.

Masamu ake si ovuta ayi. Chimakudyerani nthawi ndi kulemba chinthu chimodzi katatu: pakapepala, m'kabuku ka membala, kenako m'buku lalikulu. Ndiye tisanakhudze foni, kapepala kaja kachoke. Mizere ya m'buku jambuliranitu kunyumba ya mwezi wonse. Mayina alembedwe kamodzi motsatira nambala, ndipo anthu aziitanidwa mwa nambala zomwezo, osati amene wayamba kuimirira.

Tsopano foni. Amene muli ndi foni yaikulu ija, mutha kuikamo pulogalamu yaulere yotchedwa Google Sheets. Ili ngati buku la mizere, koma limawonkhetsa lokha. Tiyerekeze muli anthu 25. Mayina mwatsitsa kumanzere, masheya pambali pake, pansi n'kulemba kamodzi kokha kuti =SUM(B2:B26), kutanthauza kuti iwonkhetse masheya a anthu onse 25 aja. Basi. Sabata iliyonse mukangolowetsa ndalama, chiwerengero chonse chatuluka. Chiwongoladzanja chimodzimodzi: ngati gulu linagwirizana 10 pa 100 iliyonse, mumaiuza kamodzi, iyo n'kumawerengera aliyense wokongola. Tsiku logawana, lija timakanganirana mpaka dzuwa kulowa, gawo la munthu aliyense limakhala litaoneka kale. Zokumbutsa angongole nazo, tcherani pa kalendala ya m'foni kuti izilira yokha mwezi ndi mwezi.

Koma apa mundimvetse bwino, chifukwa ena akangoona foni amafuna kuthamangitsa zonse. Foni ilibe manyazi, ilibenso nzeru. Mukalemba K50,000 pamene mumafuna K5,000, siifunsa kuti kodi amayi awa ndalama zotere azitenga kuti. Imangowonkhetsa, ndipo cholakwacho chimayenda nanu mpaka Disembala.

N'chifukwa chake zina musazidule. Njira yosungira ndalama imeneyi inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu, sanaliike mwangozi. Owerenga ndalama awiri aziwerengabe mokweza pamaso pa onse. Chidindo chizidindidwabe m'kabuku mwini wake akuona. Zimachedwetsa, inde, koma agogo amene sadziwa kuwerenga amakhulupirira chidindo chimene aona ndi maso, osati zimene zili m'foni ya mlembi. Ine ndimati makina awonkhetse, anthu aone.

Bambo mwafunsa kuti nanga foni ikabedwa kapena moto ukatha? Funso labwino. Buku lalikulu silichoka. Mukatha kuwonkhetsa, kopererani chiwerengero cha pansicho m'buku, wapampando asayine. Mzere umodzi wokha, osati tsamba lonse.

Lachinayi likubwerali alembi mubwere ndi foni zotchaja komanso buku la chaka chatha. Tidzalowetsa manambala akalewo tione ngati foni ndi buku zigwirizana, tisanaiyese pa ndalama za chaka chino.